Kodi wolakwa ndani foni ikakana munthu?

Pali mawu amene ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse kuno ku Mulanje Mission, ndipo masiku ano ndikawamva ndimayang'ana pansi. Munthu wagwira foni, wadina apa, wadina apo, zakanika. Kenako amaseka pang'ono, kuseka kwamanyazi kuja, n'kunena kuti, "Ifetu ndi mbuli, zimenezi n'za inu ophunzira." Ndawamva kwa ejenti wa ndalama za pafoni, ndawamva pa benchi ya kuchipatala, ndawamvanso kwa mayi wina wogulitsa nanazi pa Chitakale, amene amawerengera chenji cha makasitomala anayi nthawi imodzi, m'mutu, osaphonya ngakhale K50. Mayi ameneyo akudzitcha mbuli chifukwa foni yawalembera kauthenga kofiira ka Chingerezi kamene ngakhale mphunzitsi wa Chingerezi angakande nako mutu.

Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta ndi a pafoni. Ndiye kuti kuseri kwa galasi limene anthuwa akudinalo kumakhala munthu ngati ine. Funso limene landisowetsa tulo ndi ili: munthu akalephera kugwiritsa ntchito chinthu chimene ndapanga ine, walephera ndani? Nanga kulepherako kukamugoneka ndi njala, mlandu ndi wa yani? Funsoli sindinalitole m'buku ayi. Linachita kundipeza pakhomo.

Nonse mukukumbukira mmene kunalili mu March 2023 namondwe wa Freddy atadutsa. Mvula inagwa masiku angapo osakata, madzi ndi miyala zinatsika m'phiri, akuluakulu n'kumati Napolo wadutsanso ngati muja anachitira ku Phalombe mu 1991. M'chigawo chakummwera anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ndipo Mulanje linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Anthu anadzaza m'makalasi ndi m'matchalitchi. Kagulu kena kothandiza anthu, dzina tisatchule, kanandipempha kuti ndipange msangamsanga kapulogalamu ka pafoni kolembera mabanja oyenera kulandira ufa, nyemba ndi mabulangete. Ndinakapanga masiku awiri, usana ndi usiku, magetsi kulibe, laputopu ndikutchaja pa sola ya mnzanga. Kunena zoona ndinkadzimva. Ena anyamula makasu kukafukula anzathu m'matope, ine ndathandiza ndi luso langa.

Fomuyo inali ndi mabokosi ochepa: dzina, mudzi, mfumu, chiwerengero cha anthu pabanja, tsiku lobadwa la mutu wa banja, nambala ya foni. Pa mabokosi awiri omalizawa ndinachita zinthu zimene aliyense wophunzira ntchitoyi amaphunzitsidwa chaka choyamba chenicheni. Ndinalamula kuti asasiyidwe opanda kanthu. Pa webusaiti zimenezi zimatheka ndi liwu limodzi lokha la zilembo 8, required, ndipo bokosi likatsala lopanda kanthu limafiira, fomu n'kukana kupita. Ndinauzanso database, komwe kumasungidwa maina onse, kuti nambala imodzi ya foni isalowe kawiri. Cholinga changa chinali chabwino. Tonse timadziwa nkhani za munthu mmodzi kulembetsa katatu, anzake n'kubwerera chimanjamanja. Ine ndimati ndikutsekera akuba chitseko.

Patapita masabata atatu azakhali anga anandipeza pakhonde.

"Iwe, paja zolembera anthu m'foni zija unapanga ndiwe?"

"Eya azakhali, ndine," ndinayankha, chifuwa chili patsogolo.

"Ndiye foniyo unaiuza chiyani za agogo aja a kutsidya kwa dambo? Akuti yawanena kuti ndi akuba."

Nkhani yake inayenda chonchi. Agogowo amalera adzukulu atatu. Nyumba inagwa, ndipo chiphaso cha unzika chinapita ndi madzi pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Atafika kutsogolo kwa mzere, mnyamata wolemba anawafunsa tsiku lobadwa. Iwo anati, "Ndinabadwa njala ija itangotha, nandolo akuuma." Amanena njala ya 1949, imene akuluakulu a kuno kummwera amawerengera nayo zaka mpaka lero. Mnyamatayo anamva bwinobwino, koma bokosi langa silimva zimenezo. Limafuna tsiku, mwezi ndi chaka. Iye anangolemba 1 January 1950 kuti bokosi lisiye kufiira. Kenako nambala ya foni. Agogo alibe foni. Anatchula nambala ya mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, foni imene mabanja angapo amalandirira mauthenga a maliro ndi ndalama zochokera kwa ana awo a ku Blantyre ndi ku Joni. Banja la mnyamatayo linali litalembetsa kale m'mawa womwewo. Sikirini inalemba mawu awiri ofiira amene ndinalemba ine ndi zala zangazi: Duplicate record. Wolembayo anamasulira mmene anamvera. "Agogo, ikuti munalembetsa kale."

Anthu pamzere anayamba kunong'onezana. Agogo sanatsutse. Anatola ndodo yawo n'kumapita.

Kukonza cholakwikacho sikunanditengere ngakhale mphindi 20. Tsiku lotsatira ndinapita ndi azakhali kukapepesa. Agogo anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, poti nyumba inali isanamangidwenso. Ndinafotokoza kuti vuto silinali lawo, linali la pulogalamu, ndipo pulogalamuyo ndinalemba ndine. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati:

"Aa, mwanawe, palibe mlandu. Vuto ndi ifeyo osapita kusukulu. Makinawo sangalakwe."

Ndinapita kukapepesa, akundipepesa ndi iwo. Bola akanandikalipira.

Pobwerera ndinayamba kudziikira kumbuyo mumtima, monga timachitira tonse. Sindinafune kupweteka munthu. Ndinachita zimene eni ntchito anapempha. Lamulo loletsa kulembetsa kawiri ndi lanzeru. Nthawi inali yochepa. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndazitembenuza kambirimbiri, koma palibe chimene chikundichotsera mlandu. Mmisiri akamanga mlatho wopapatiza moti njinga yonyamula matumba singadutse, sitinena kuti wolakwa ndi wanjinga, ngakhale mmisiriyo atalumbira kuti analibe maganizo oipa. Timamufunsa kuti, kodi musanamange munaima pamtsinjepo n'kuona amene amawoloka?

Chondipweteka kwambiri n'chakuti sindinganene kuti sindinkadziwa. Ndinakulira komwekuno. Ineyo ndili mwana ndinkathamanga kukaitana amayi kuti foni yawo yalira kwa aneba. Agogo anga ondibereka bambo sankadziwa tsiku lawo lobadwa. Zonsezi ndimazidziwa ndikakhala pamphasa. Koma ndikatsegula laputopu ndimasanduka munthu wina. Munthu amene ndimamuona m'maganizo akudzaza fomu yanga amafanana ndi ine: ali ndi foni yakeyake, ali ndi imelo, amakondwerera tsiku lobadwa ndi keke, amawerenga Chingerezi. Mavidiyo ndi mabuku amene tinaphunzirira ntchitoyi analembedwa ndi anthu a ku California ndi ku London, ndipo mafomu awo achitsanzo anawapangira anansi awo. Ife tinakopera fomu, n'kukoperanso mnansiyo osazindikira.

Pa ntchito yathu pali mawu akuti edge case, kutanthauza zochitika za apo ndi apo, za m'mphepete, zimene ukhoza kudzaziganizira pambuyo nthawi ikapezeka. Munthu wopanda foni timamuika m'gulu limeneli. Wosadziwa tsiku lobadwa chimodzimodzi. Koma taonani: kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja okhala ndi foni ya m'manja m'Malawi muno anali pafupifupi theka chabe. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense akabadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika anthu ambiri anazilembetsa mu 2017. Boma la Mulanje lokha linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera yemweyo. Mwa anthu onsewa, wa m'mphepete ndani, agogo aja kapena ine? Ndinapangira pulogalamu anthu ochepa, ambiriwo n'kuwatcha zochitika za apo ndi apo.

Pali chinanso chimene ndinachizindikira mochedwa. Bokosi lililonse pa fomu ndi lamulo. Likati required, likunena kuti amene alibe chimenechi asadutse. Mfumu ikamagamula mlandu imagamula pabwalo, anthu akumva, nduna zikuthirirapo ndemanga, ndipo wosakhutira akhoza kukagwada kwa gulupu kapena kwa T/A. Lamulo langa ndinalikhazikitsa ndekha cha m'ma 2 koloko usiku, maso akuyabwa ndi tulo, popanda wondifunsa. Ndipo silinagwire ntchito kamodzi ngati chigamulo cha mfumu. Linagwira ntchito pa foni iliyonse, pa mzere uliwonse, kwa munthu aliyense, ine ndili mtulo. Mphamvu yotereyi sindinaipemphe, palibenso anandivotera, koma ndinali nayo. Ndipo ndinkaitenga ngati nkhani ya zilembo 8.

Kale kalaliki ankalemba papepala, ndipo pepala lili ndi m'mphepete. Akanatha kulemba cham'mbali kuti "akuti anabadwa njala itatha" kapena "foni ndi ya aneba". Fomu ya pafoni ilibe m'mphepete pokhapokha wopangayo atakumbukira kusiya malo. Mnzanga wina, nayenso wolemba mapulogalamu, ndikamanena zimenezi amanditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Amati m'mphepete mwa pepala momwemo ndi mmene munkalowa maina a achibale a kalaliki. Kalaliki ukhoza kumudandaulira, inde, koma ukhozanso kumupatsa kangachepe. Kompyuta sifunsa kuti ndiwe mwana wa yani, sidziwa chipani chako, silandira nkhuku. Kwa munthu wosauka wopanda wachibale muofesi, makina osamva kudandaula nthawi zina ndi abwino kuposa munthu womva ndalama.

Ndikuvomereza. Sindikulakalaka kubwerera ku mafayilo odyedwa ndi chiswe. Koma pothamangitsa kukondera tinathamangitsira limodzi chifundo ndi nzeru wamba, ngati munthu wotentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Kuipa kwake, kalaliki akakukana umadziwa kuti wakukana ndi munthu, umadziwa nkhope yake, ukhoza kukamunenera kwa abwana ake. Makina akakukana ulibe womuloza chala. Wolembayo amangotambasula manja n'kunena kuti "ikukana ndi system". Ine amene ndinakukana zenizeni ndili kutali, dzina langa silikudziwika, ndikumwa tiyi.

Mawu a agogo aja akuti makina sangalakwe si a kumudzi kokha ayi. Ku United Kingdom, mu 1999 bungwe la Post Office linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Pulogalamuyo inali ndi zolakwika zimene nthawi zina zinkaonetsa ngati ndalama zasowa pa nthambi pomwe sizinasowe. Kuyambira 1999 mpaka 2015, anthu oposa 900 oyendetsa nthambi za positi anaweruzidwa kuti ndi olakwa pa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena anapita kundende, ena anataya nyumba pobweza ndalama zimene sanabe, ena anadzipha. Ambiri ankauzidwa kuti vutoli likuchitika kwa iwo okha. Zinatengera anthu 555, motsogozedwa ndi Alan Bates, kukasuma kukhoti, ndipo mu 2019 woweruza anapeza kuti pulogalamuyo inalidi ndi zolakwika. Mu 2024 nyumba ya malamulo ya kumeneko inachita kukhazikitsa lamulo lapadera lofafaniza milanduyo. Awatu ndi anthu opita kusukulu, m'dziko la maloya ndi manyuzipepala amphamvu, koma kwa zaka zonsezi mawu a kompyuta ankalemera kuposa mawu a munthu. Nanga agogo a kutsidya kwa dambo akanayambira pati?

Katswiri wina wa ku America, Don Norman, analemba buku mu 1988 limene lero limadziwika kuti The Design of Everyday Things. Mwa zina, iye anaona kuti anthu akalephera kugwiritsa ntchito chinthu chopangidwa molakwika, ngakhale chitseko chenicheni, amadziimba mlandu okha m'malo moimba mlandu wopangayo. Kwathu kuno matendawa ndi aakulu kuposa pamenepo, chifukwa amakumana ndi bala lakale. Chiyambire nthawi ya atsamunda, chinthu cholembedwa m'Chingerezi chimakhala ndi ulamuliro, ndipo wosachimva amauzidwa kuti vuto ndi iyeyo. Foni ikalankhula Chingerezi, n'kulankhula mofiira, munthu sayamba wafunsa ngati ikunena zoona. Amayamba ndi manyazi.

Apa ndi pamene ndikuona tchimo lenileni la ntchito yathu. Ufa wa agogo unabwezedwa, analandira ulendo wotsatira. Koma pamzere paja panachitika chinthu china chimene sichibwezedwa ndi thumba la ufa. Ulesi unali wanga, manyazi anasenza ndi iwo. Ine sindinaganize mokwanira, wodzitcha mbuli n'kukhala iwo. Ndikasiya kuganizira munthu kwa mphindi 20, katunduyo sathera m'malere. Amakagwera pamutu pa wina, ndipo kawirikawiri ndi pa amene alibe mphamvu zomutula.

Ndipo agogowa ndinawadziwa mwamwayi, chifukwa azakhali anga ndi osasunga mawu. Pulogalamu yanga inkasunga maina a anthu amene yawalandira, koma amene yawakana sinkawalemba paliponse. Lipoti linkatuluka loyera bwino: mabanja onse olembedwa, mabokosi onse odzazidwa, palibe nambala yobwereza. Eni ntchito anandiyamikira chifukwa cha lipoti limenelo. Linali loyera chifukwa onse amene akanalidetsa anabwezedwa pakhomo. Ndinangoti ndakonza pulogalamu, olemba anabwereranso m'misasa, ndipo anapezeka mabanja ena amene zinawachitikira chimodzimodzi. Amene anachoka pamsasa asanabwererenso olembawo, palibe buku limene likuwadziwa. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma chitseko ichi chinali ndi loko, kiyi ali kwa ine amene m'mimba simukundipweteka.

Wina anena kuti ndikudzizunza chabe, palibe pulogalamu ingakwanire munthu aliyense. N'zoona. Koma zitsanzo zoti zimatheka kuchita bwino zili konkuno. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timachitcha Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake anayamba ntchito imene inadzakhala Baobab Health Trust. Iwo anayamba aona kaye anthu amene adzagwiritse ntchito makinawo: anamwino ndi makalaliki otanganidwa, ambiri osazolowera keyboard ndi mouse, mzere wa odwala uli mpaka panja, magetsi akuzimazima. M'malo monena kuti anthuwa aphunzire kaye kompyuta, anapanga masikirini odina ndi chala, funso limodzi pa sikirini imodzi, mabatani akuluakulu, ndi kamakina kosindikiza kapepala komata pa kabuku ka kuchipatala, kuti wodwala akabweranso asachite kufunsidwa zonse. Makina amenewa anafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kumene anthu amalandira ma ARV.

Chimene chimandigwira mtima pa pulogalamu yawo ndi kabatani kamodzi. Pofunsa chaka chobadwa panali batani loti munthuyo sakudziwa. Ukalidina, imakufunsa zaka zongoyerekeza, n'kuika tsiku la 1 July chaka chimenecho, pakatikati pa chaka, komanso n'kusunga chizindikiro choti tsikuli ndi longoyerekeza. Pulogalamuyo sinkakakamiza munthu kunama, ndipo nayonso sinkanamizira kudziwa chimene sikudziwa. Kabatani kameneka kanalipo zaka zambiri ine ndisanalembe fomu yanga. Amene anakapanga anakhala pa benchi n'kumva mmene Amalawi amayankhira funso limeneli.

Chitsanzo china chili m'thumba mwanu. Timanambala tija timadina, *211# wa Airtel Money kapena *444# wa Mpamba, anzanga ena a ntchitoyi amationa ngati zachikale, zopanda zithunzi, zosakongola. Koma timagwira ntchito pa kafoni ka mabatani, popanda bandulo, pa netiweki yofooka ya kuseri kwa phiri. Anthu wamba ochuluka amatumiza ndi kulandira ndalama kudzera pa timizere ta manambala timeneti. Ineyo m'mapulogalamu onse okongola amene ndapanga palibe imene yafikira anthu ngati mmene tafikira timeneti.

Za kukongolazi ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi tchimo lomwelija litavala malaya ena. Tim Berners-Lee atayambitsa World Wide Web ku CERN mu 1989, masamba oyamba anali mawu okhaokha ndi maulalo, opepuka moti kompyuta iliyonse inkawatsegula. Lero tsamba wamba la pa intaneti limalemera kuposa 2 MB, ndipo gawo lalikulu la kulemerako ndi zithunzi zikuluzikulu, zotsatsa malonda, ndi ma code amene wowerenga sapindula nawo kanthu. Ife opanga timakonda zida zatsopano chifukwa zimatipeputsira ntchito ndipo zimaoneka bwino pa CV. Timayesera tsambalo pa laputopu yamphamvu, pa WiFi ya muofesi, n'kunena kuti likuthamanga. Wolipira ndi mtsikana wa ku Muloza amene wagula bandulo ya tsiku limodzi ndi ndalama ya ganyu kuti aone ngati dzina lake latuluka, tsambalo n'kumangozungulira mpaka bandulo kutha. Iye adzati foni yanga ndi yachabechabe. Sadzadziwa kuti wina anasankha kupeputsa ntchito yake pomulemetsa iyeyo.

Ndiye yankho langa pa funso lija ndi ili. Munthu wanzeru zake, amene akufunitsitsa, akalephera kudutsa pa chinthu chimene chinapangidwira iyeyo, woyamba kufunsidwa ndi wopanga. Sindikuti wopanga ndi wolakwa nthawi zonse. Akuba alipodi, ndalama zimachepadi, ndipo pali zinthu zimene munthu ayenera kuphunzira, monga kusunga nambala yake yachinsinsi. Koma mlandu uyambire kwa amene anali ndi mphamvu yosankha. Agogo analibe chosankha china koma kuima pamzere. Mnyamata wolemba analibe batani lina loti adine. Amene ndinali ndi zosankha zonse patebulo ndinali ine.

Kuchokera nthawi imeneyo ndimagwira ntchito mosiyana, ngakhale sindinasanduke mngelo. Ndisanalembe required pa bokosi lililonse ndimadzifunsa kuti, munthu woona mtima amene alibe chimenechi ndi ndani, ndipo ndikamubweza akagona kuti? Ndimasiya khomo loti "sindikudziwa" ndi loti "ndilibe", komanso malo oti wolemba alembe zimene wamva m'mawu a mwiniwake. Uthenga wofiira uja ndinausintha. Nambala ikabwereza, pulogalamu imalemba m'Chichewa kuti, "Nambala iyi ilipo kale pa banja lina. Kodi mabanjawa amagwiritsa ntchito foni imodzi?" Wolemba akavomera, dzina limalowa, n'kuikidwa chizindikiro choti munthu wina akaone bwino pambuyo. Wakuba amagwidwabe, koma amagwidwa ndi munthu amene wapita kukafunsa kwa mfumu, osati ndi mawu awiri a Chingerezi pamaso pa mudzi wonse. Pulogalamu imasunganso chiwerengero cha amene yawakana ndi chifukwa chake, ndipo chiwerengero chimenecho ndimachiika pamwamba pa lipoti, ngakhale eni ntchito ena sachikonda.

Chovuta kwambiri ndi ichi: ndisanapereke ntchito ndimapatsa azakhali foni, n'kukhala pambali manja ndili nawo kumbuyo. Osawathandiza, osawalozera. Akaima n'kukwinya nkhope, ndimalemba pamene aimapo, chifukwa pamenepo ndi pamene ndalakwitsa. Zala zimayabwa kufuna kulanda foni, koma ndimapirira. Iwo amasangalala nayo ntchitoyi kuposa mmene ndimafunira. "Apanso walephera," amatero, akundibwezera foni.

Ambiri mwa inu amene mukuwerenga simulemba mapulogalamu, koma nkhaniyi ikukukhudzani. Kunyumba ndinu amene mumaitanidwa foni ya amayi ikavuta. Ndikudziwa zimene timachita: timalanda foni, kudina msangamsanga, kubweza, n'kuwonjezera kuti, "Koma amayi inu, ndinakuuzani kale." Tikatero timamaliza ntchito imene wopanga pulogalamu anaiyamba, yowatsimikizira kuti vuto ndi iwowo. Ulendo wina mudzayese kuyang'ana sikiriniyo ndi maso awo. Mudzawerenge uthengawo mokweza, mudzadzifunse ngati ukumveka. Ukakhala wosamveka mudzawauze kuti, "Amayi, izi anazipanga molakwika." Nanunso fomu ya ntchito kapena ya sukulu ikadzakukanani chifukwa ikufuna nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, pomwe inu mumakhala kuseri kwa chigayo moyang'anana ndi mpopi, musadzadzione ngati wotsalira. Muli ndi adiresi yabwinobwino imene wakabaza aliyense amaidziwa. Amene sanafunse ndi wopanga fomuyo.

Dzina la agogo aja likadalipo mu database. Tsiku lina ndinalitsegula n'kuyang'ana 1 January 1950 uja. Ndinafunsa azakhali kuti nandolo amauma liti, anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kunena kuti cha m'ma August ndi September, mwana wa mlimi osadziwa zimenezo? Ndiye kuti yankho la agogo linali ndi chaka, linalinso ndi nyengo. Linali pafupi ndi choonadi kuposa tsiku limene fomu yanga inasunga. Iwo anapereka yankho lolondola, pulogalamu yanga inalitaya n'kusunga bodza, kenako inawatcha akuba. Ndinafufuta January uja, ndinaika 1950 ndi chizindikiro choti mwezi ndi wongoyerekeza, ndipo m'bokosi latsopano la ndemanga ndinalemba mawu awo mmene anawanenera: njala itangotha, nandolo akuuma.

Ndikakumana nawo pamsika amandipatsabe moni mwaulemu, amanditcha mwana wa makina. Ndayesa kawiri konse kuwafotokozera kuti makina aja analakwa, ndipo analakwa chifukwa cha ine. Amangoseka n'kundifunsa ngati azakhali adzuka bwino.